Antivayirasi Yaulere: Imateteza Mpaka Pati?

Si kale kwenikweni pomwe kompyuta idali katundu wa maofesi akuluakulu a pa boma okhaokha. Lero ikupezeka m'sukulu za sekondale zoyendera, m'zipatala zing'onozing'ono, m'maofesi a alangizi a zaulimi, m'mashopu osindikiza makalata pa malo a malonda, ngakhalenso m'nyumba za aphunzitsi ndi ophunzira a m'makoleji. M'makompyuta amenewa mumasungidwa zinthu zomwe zikasowa anthu ambiri amalira: mayina a olandira Mtukula Pakhomo, mndandanda wa alimi, malikisi a ana a sukulu, malipoti a makomiti a chitukuko a VDC ndi ADC, komanso mawerengero a ndalama za makopaletivi ndi magulu a banki m'khonde. Ambiri mwa makompyutawa amadalira antivayirasi yaulere, yomwe mwina idabwera ndi kompyutayo kapena idaikidwa ndi mmisiri wa pamsika.

Funso lomwe limabwera kawirikawiri pa nthawi yokonza bajeti ya sukulu, ya kopaletivi kapena ya pakhomo ndi lakuti: kodi chitetezo chopanda malipirochi n'chodalirika, kapena ndi bwino kupatula ndalama chaka ndi chaka zogulira antivayirasi yolipira? Pa kompyuta ya pakhomo yomwe ili ndi Windows yovomerezeka komanso imalumikizidwa pa intaneti pafupipafupi, yaulere imakwanira ndithu. Pa ofesi pali mfundo zina zofunika kuziunika. Koma ponse pawiri, chomwe chimagwetsa anthu m'mavuto nthawi zambiri ndi kasamalidwe ka kompyutayo, osati mtengo wa antivayirasi.

Momwe mlondayu amagwirira ntchito

Vayirasi ya pakompyuta sibwera ndi fumbi kapena kutentha monga ena amaganizira. Ndi pulogalamu yomwe munthu adakhala pansi n'kulemba kuti ilowe m'kompyuta ya mnzake mwakachetechete. Imodzi mwa zoyambirira kufala idali Brain, yomwe idalembedwa mu 1986 ndi anyamata awiri apachibale a mumzinda wa Lahore ku Pakistan, ndipo inkayenda kudzera m'madisiki omwe anthu ankabwerekana. Masiku amenewo ambiri olemba mavayirasi ankangofuna kutchuka. Lero ntchitoyi idasanduka malonda. Ena amaba mawu achinsinsi olowera ku banki ndi ku imelo, ena amatseka mafayilo n'kumafuna dipo, pomwe ena amagwiritsa ntchito kompyuta ya mwini wake mobisa potumiza mauthenga achinyengo kwa anthu ena.

Njira yakale yomwe antivayirasi imagwirira ntchito ndi yofanana ndi ya mlonda wa pageti yemwe wapatsidwa zithunzi za mbava zodziwika. Fayilo iliyonse yolowa imayerekezedwa ndi mndandanda wa zizindikiro za mavayirasi omwe adagwidwapo kale. Vuto ndi lakuti mbava zatsopano zimabadwa tsiku lililonse. Bungwe la AV-TEST la mumzinda wa Magdeburg ku Germany, lomwe ntchito yake ndi kuyesa mapulogalamu achitetezo, limati limalemba m'kaundula wake mapulogalamu atsopano oipa kapena okayikitsa oposa 450,000 pa tsiku. Ambiri mwa iwo ndi akale omwe angosinthidwa maonekedwe pang'ono, koma kusinthako n'kokwanira kuti mlonda wogwira zithunzi za chaka chatha awatsegulire geti. N'chifukwa chake maantivayirasi a masiku ano amayang'ananso khalidwe. Pulogalamu ikayamba kusintha mafayilo mazanamazana m'kanthawi kochepa, kapena ikafuna kudzibisa m'malo omwe Windows imayambira, imaimitsidwa ngakhale dzina lake lisakudziwika. Kuwonjezera apo, fayilo yokayikitsa imafufuzidwa kudzera pa intaneti ku makompyuta a kampani yomwe idapanga antivayirasiyo, ndipo yankho limabwera m'masekondi ochepa.

Mfundo yomalizayi ndi yolemera kwa madera omwe netiweki ndi yovuta ndipo bandulo ndi yodula. Bungwe lina loyesa, la AV-Comparatives la ku Innsbruck m'dziko la Austria, limayesa maantivayirasi ali pa intaneti, kenako n'kuwayesanso atachotsedwa pa intaneti. Zotsatira zake zaonetsa kangapo kuti ena mwa iwo, kuphatikizapo Microsoft Defender, amazindikira mavayirasi ocheperapo kwambiri akakhala opanda intaneti. Choncho kompyuta ya pasukulu yomwe imatha teremu yonse osalumikizidwa, koma ikulandira mafulashi a aphunzitsi tsiku ndi tsiku, ilibe chitetezo chomwe chimalembedwa m'malipoti a ku Ulaya, ngakhale dzina la antivayirasi yake likhale lomwelo.

Kusiyana kwa yaulere ndi yolipira

AV-TEST imapereka malikisi ofika 6 pa mbali iliyonse mwa zitatu: kuteteza, kusalemetsa kompyuta, ndi kusachenjeza mopanda chifukwa. Onse pamodzi ndi 18. M'zaka zaposachedwa maantivayirasi aulere odziwika monga Avast Free, Avira ndi Microsoft Defender akhala akupeza malikisi ofanana kapena oyandikana kwambiri ndi a olipira. Izi sizodabwitsa. Kampani ikamapereka antivayirasi yaulere ndi yolipira, nthawi zambiri gawo lofufuza mavayirasi limakhala limodzi m'zonse ziwiri. Kampaniyo imapindula pokhala ndi anthu mamiliyoni ambiri ogwiritsa ntchito yaulere, chifukwa vayirasi yatsopano ikaoneka pa kompyuta ya mmodzi wa iwo, imadziwika msanga ndipo onse amatetezedwa, olipira ndi osalipira omwe.

Microsoft Defender imafuna kufotokozedwa payokha popeza ndiyo ili m'makompyuta ambiri, ngakhale eni ake ena sadziwa kuti ali nayo. Imabwera mkati mwa Windows kuyambira pa Windows 8 ya mu 2012, ndipo siifuna kugulidwa kapena kuikidwa mwapadera. Poyamba mbiri yake sidali yabwino. Cha m'ma 2012 ndi 2013 chitetezo chaulere cha Microsoft chinkatsalira m'mbuyo pa mayeso, ndipo amisiri omwe adaphunzira ntchito nthawi imeneyo adazolowera kuuza makasitomala kuti n'chopanda pake. Mawu amenewo akumvekabe m'mashopu okonzera makompyuta mpaka lero, chonsecho zinthu zidasintha kalekale. Pa Windows 10 ndi Windows 11, Defender yoyaka komanso yolandira maapudeti ndi chitetezo chenicheni.

Nanga wolipira amagula chiyani? Kawirikawiri amagula zowonjezera: pulogalamu yosungira mawu achinsinsi, njira yobisira zomwe akuchita pa intaneti akakhala pa Wi-Fi ya pagulu, zida zoletsera ana kuona zosayenera, ndi mwayi wolankhula ndi kampani pakagwa vuto. Zina mwa izi n'zothandiza kwa yemwe akuzifunadi. Koma banja lomwe likuvutika kupeza fizi lisamve kuti lachita mphwayi chifukwa silidagule antivayirasi.

Komabe chaulere chili ndi pobwezera pake. Kampani yomwe imapereka antivayirasi popanda malipiro imayenera kupeza ndalama kwinakwake. Njira yodziwika ndi ya mauthenga osatha olimbikitsa munthu kugula yolipira, ena mwa iwo olembedwa moopseza ngati kuti kompyuta ili pangozi pomwe palibe chachitika. Njira ina ndi yobisika. Mu Januwale 2020 atolankhani a Motherboard ndi PCMag adaulula kuti kampani ya Avast inkatolera mbiri ya masamba omwe anthu ake ankatsegula pa intaneti n'kumaigulitsa kwa makampani amalonda kudzera m'kampani yake ina yotchedwa Jumpshot. Avast idatseka Jumpshot patangopita masiku ochepa, ndipo mu 2024 bungwe la boma la America loteteza ogula, la Federal Trade Commission, lidailamula kupereka madola 16.5 miliyoni komanso kuiletsa kugulitsanso mbiri yotere kwa otsatsa malonda. Antivayirasi imaona chilichonse chomwe chili m'kompyuta, kotero kusankha kampani yoipanga kuli ngati kusankha munthu womusiyira makiyi a nyumba yonse. N'koyeneranso kudziwa kuti mayina ambiri omwe amaoneka ngati opikisana ali ndi mwini mmodzi: Avast idagula AVG mu 2016, ndipo kuyambira mu 2022 Avast, AVG, Avira ndi Norton onse ali pansi pa kampani ya Gen Digital.

Palinso maantivayirasi abodza. Munthu ali pa intaneti, mwadzidzidzi pa sikirini pamatuluka uthenga wofiira wonena kuti kompyuta yake yagwidwa ndi mavayirasi ambirimbiri ndipo adine pamenepo kuti achotsedwe. Tsamba la pa intaneti silingathe kufufuza kompyuta ya munthu mwa njira imeneyo. Uthengawo ndiwo msampha, ndipo chomwe chimalowa munthu akadina ndi vayirasi yeniyeniyo. Choyenera ndi kutseka tsambalo basi. Antivayirasi iliyonse itengedwe ku tsamba la kampani yake, osati pa fulashi ya mnzake kapena pa gulu la WhatsApp.

Pa ofesi

Chinthu choyamba chomwe maofesi ambiri sachidziwa n'chakuti maantivayirasi aulere monga Avast Free, AVG Free ndi Avira Free amaperekedwa kuti agwiritsidwe ntchito pakhomo. Mgwirizano womwe munthu amavomera pomwe akuika pulogalamuyo, uja ambiri amangodina osawerenga, suloleza kuigwiritsa ntchito pa bizinesi kapena pa ntchito za bungwe. Shopu yosindikiza makalata, ofesi ya kopaletivi kapena bungwe lomwe si la boma likaika imodzi mwa izi limakhala likuphwanya mgwirizanowo. Microsoft Defender ilibe choletsa chimenechi chifukwa ndi gawo la Windows, malinga Windows yakeyo ikhale yovomerezeka.

Chachiwiri ndi kuyang'anira. Pakhomo pali kompyuta imodzi ndipo mwini wake amaiona tsiku lililonse. Pa ofesi ya makompyuta makumi awiri, ena ali ku maofesi a m'madera akutali, palibe yemwe angadziwe kuti antivayirasi ya pa kompyuta ya kalaliki wina idazimitsidwa miyezi itatu yapitayo. Apa ndiye pomwe maantivayirasi olipira a maofesi amapambana. Amapatsa woyang'anira makompyuta malo amodzi oonera makina onse: ati sadalandire apudeti, ati agwira vayirasi, ati azimitsidwa. Amaletsanso wogwira ntchito kuzimitsa chitetezo payekha. Ofesi ya makompyuta awiri kapena atatu ikhoza kuchita zonsezi pamanja, munthu mmodzi atapatsidwa udindo woyendera makinawo sabata iliyonse. Ofesi yaikulu, makamaka yosunga ndalama za anthu kapena mbiri za odwala, ndiyo ili ndi chifukwa chomveka cholipirira.

Malamulo nawonso adasintha. Lamulo loteteza zinsinsi za anthu la Data Protection Act la mu 2024 limapereka udindo kwa aliyense wosunga mayina, nambala za ziphaso za unzika, nambala za foni ndi zina zotere kuti azisunge motetezeka, ndipo bungwe la MACRA ndilo lidapatsidwa ntchito yoonetsetsa kuti izi zikutsatidwa. Mndandanda wa olandira thandizo ukagwa m'manja mwa akathyali, omwe amavutika ndi agogo a kumudzi omwe amayamba kulandira mafoni a anthu onamizira kuti ndi a boma.

Izi sizikutanthauza kuti cholipira sichilakwa. Pa 19 Julayi 2024 kampani ya CrowdStrike, yomwe imagulitsa chitetezo chodula kwa makampani akuluakulu, idatumiza apudeti yolakwika yomwe idagwetsa makompyuta a Windows pafupifupi 8.5 miliyoni pa dziko lonse. Ndege zidalephera kunyamuka, mabanki ndi zipatala zina zidasokonekera, ndipo padalibe mbava iliyonse yomwe idachititsa zimenezi.

Pomwe mpanda umathyokera

M'madera muno makompyuta ambiri amagulidwa ogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo asanaperekedwe kwa wogula amaikidwa Windows ndi Microsoft Office zosalipiridwa. Kuti mapulogalamu amenewa agwire ntchito, mmisiri amagwiritsa ntchito kapulogalamu kothyolera loko, monga kotchedwa KMSPico. Antivayirasi imakana kapulogalamu kotere, choncho mmisiri amaizimitsa kaye, ndipo nthawi zina amaizimitsiratu kuti kasitomala asadzabwerenso kudzadandaula. Amazimitsanso maapudeti a Windows poopa kuti chinyengocho chidziwika. Wogula amanyamula kompyuta yooneka bwino koma yopanda mlonda, ndipo tizipangizo tothyolera lokoti nthawi zambiri timakhala titanyamula kale mavayirasi akuba mawu achinsinsi. Palibe antivayirasi, yaulere kapena yodula, yomwe ingateteze kompyuta yomwe mwini wake waiuza kuti isaone kanthu. Komiti yogula makompyuta a sukulu kapena a polojekiti imachita bwino kulemba m'pempho la mitengo kuti Windows ikhale yovomerezeka, n'kutsimikiza zimenezi katundu asadalandiridwe. Pa ntchito yolemba makalata ndi kuwerengera ndalama pali LibreOffice, yomwe ndi yaulere mwalamulo ndipo imatsegula mafayilo a Word ndi Excel.

Ena, pofuna chitetezo chochuluka, amaika maantivayirasi awiri kapena atatu pa kompyuta imodzi. Zotsatira zake ndi kompyuta yoyenda ngati nkhono, chifukwa mapulogalamuwo amalimbirana fayilo iliyonse ndipo nthawi zina amatengana ngati adani. Windows imazimitsa yokha Defender ikaona kuti antivayirasi ina yaikidwa. Choopsa ndi antivayirasi yongolawitsa yomwe imabwera ndi laputopu yatsopano n'kutha mphamvu pakapita mwezi umodzi. Chizindikiro chake chimakhalabe pa sikirini ndipo mwini wake amaganiza kuti ali wotetezeka. Yotere ndi bwino kuichotsa kotheratu n'kuonetsetsa kuti Defender yayakanso.

Kenako pali fulashi, yomwe kuno ndiyo njira yaikulu yomwe mavayirasi amayendera. Fulashi imodzi imachoka ku ofesi, n'kukalowa m'kompyuta ya pa shopu yosindikiza, n'kudzera kwa anyamata oika nyimbo ndi makanema pamsika, madzulo n'kufika pa laputopu ya kunyumba. Pafupifupi aliyense wogwiritsa ntchito fulashi adaonapo zomwe zimatsatira: mafoda onse asanduka tizizindikiro tokhala ndi kamuvi pakona, ndipo mafayilo sakuoneka. Ambiri amataya mtima n'kufufuta fulashi yonse, ndipo apa ndi pomwe ntchito ya miyezi imatayikira. Zoona zake n'zakuti vayirasi ya mtunduwu kawirikawiri sifufuta kanthu. Imangobisa mafayilo enieni n'kuika tizizindikiro tabodza m'malo mwake, kuti munthu akadina kamodzi vayirasiyo ilowe m'kompyuta yake. Choyenera ndi kusadina kalikonse, kufufuza fulashiyo ndi antivayirasi ya maapudeti atsopano, kenako kuonetsa mafayilo obisidwawo. Mmisiri wodziwa ntchito amawabwezeretsa m'mphindi zochepa pogwiritsa ntchito lamulo la Windows lotchedwa attrib.

Chifukwa cha vuto limeneli, pulogalamu ya Smadav ya ku Indonesia idatchuka kwambiri m'mashopu ndi m'maofesi. Imathandizadi pa mafulashi ndipo imatha kuonetsa mafayilo obisidwa. Koma eni ake omwe amanena kuti idapangidwa kuti ikhale yothandizira antivayirasi ina, osati kulowa m'malo mwake. Kompyuta yomwe ili ndi Smadav yokha, Defender itazimitsidwa, yatseka zenera n'kusiya chitseko chili pululu. Komwe netiweki ilipo, kutumiza kalata yokasindikiza pa imelo kapena pa WhatsApp kumapulumutsa fulashi ku ulendo wonsewu.

Nkhani ya maapudeti a Windows ili ndi phunziro lomwe dziko lonse lidaliona. Pa 12 Meyi 2017 vayirasi yotchedwa WannaCry idafalikira m'makompyuta oposa 200,000 m'mayiko pafupifupi 150. Inkatseka mafayilo n'kumafuna dipo loyambira pa madola 300. Sinkadikira kuti munthu adine kanthu. Inkadutsa yokha kuchoka pa kompyuta ina kupita pa ina kudzera pa mng'alu womwe udali mu Windows. Ku England zipatala zambiri za boma zidakhudzidwa ndipo odwala zikwizikwi adauzidwa kuti asabwere pa tsiku lomwe adapatsidwa. Chomvetsa chisoni n'chakuti Microsoft idali itatulutsa kale chigamba chotseka mng'aluwo mu Malichi chaka chomwecho, miyezi iwiri ngoziyo isanachitike. Omwe adavutika ndi omwe sadachiike.

Chigamba chimabwera pokhapokha ngati Windows yake ikusamalidwabe ndi eni ake. Windows XP idasiya kulandira zigamba mu Epulo 2014, Windows 7 mu Januwale 2020, Windows 8.1 mu Januwale 2023, ndipo tsiku lomaliza la Windows 10 lidaikidwa pa 14 Okutobala 2025, kupatula kwa omwe alembetsa m'ndondomeko yapadera yowonjezera nthawi. Makompyuta ambiri akale sangathe kulandira Windows 11 chifukwa imafuna zipangizo zamakono. Antivayirasi ikhoza kupitiriza kugwira ntchito pa Windows yakale, koma ming'alu yatsopano ikapezeka palibe woimata. Kompyuta yotere isagwiritsidwe ntchito polowa ku banki kapena posunga zinsinsi za anthu. Njira ina yoipatsira moyo ndi kuikamo Linux, monga Ubuntu kapena Linux Mint, zomwe ndi zaulere ndipo zimayenda bwino pa makina akale. Ubuntu idayambitsidwa ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa, ndipo dzina lake ndi liwu lomwe pa Chichewa ndi umunthu.

Kwa ofesi yomwe ili kutali ndi netiweki pali njira yochepetsera vuto. Microsoft imaika pa tsamba lake fayilo ya zizindikiro zatsopano za Defender yomwe munthu angathe kuitsitsa ali pa boma, n'kuinyamula pa fulashi yoyera kukaika pa makompyuta a kumudzi. Sizifanana ndi kukhala pa intaneti, koma n'zabwino kuposa kusiya mlonda ndi zithunzi za chaka chatha.

Mavayirasi ofuna dipo, omwe amatchedwa ransomware, safuna makampani a kunja okha. Mu Julayi 2019 kampani ya City Power, yomwe ndi ya khonsolo ya mzinda wa Johannesburg, idagwidwa ndi vayirasi yotere ndipo anthu ambiri adalephera kugula mayunitsi a magetsi m'nyengo yozizira. Kuno kwathu, mu Febuluwale 2024, mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, Dr. Lazarus Chakwera, adauza Nyumba ya Malamulo kuti ntchito yosindikiza mapasipoti idaima chifukwa anthu ena adalowa m'makompyuta a nthambi yoona zolowa ndi kutuluka m'dziko n'kumafuna dipo, ndipo adati boma silipereka ndalamazo. Kwa masabata angapo ofuna kupita kunja ku ntchito, ku sukulu kapena ku chipatala adangodikira. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Mafayilo akatsekedwa ndi vayirasi yotere, antivayirasi ikhoza kuchotsa vayirasiyo koma nthawi zambiri singathe kutsegula mafayilowo. Kulipira dipo nakonso sikutsimikizira kuti abwezedwa. Chomwe chimapulumutsa ndi kope lina losungidwa padera. Mafayilo ofunika azikoperedwa sabata iliyonse pa hadi diraivi yapadera kapena pa fulashi yomwe ntchito yake ndi yokhayo, ndipo ikatha kukopera izichotsedwa pa kompyuta n'kutsekeredwa m'kabati. Ikasiyidwa yolumikiza, vayirasi imatseka zonse ziwiri nthawi imodzi. Kope lachitatu likhoza kukhala pa intaneti, monga pa Google Drive kapena OneDrive, ngati malamulo a ofesiyo akuloleza. Kope losungidwa padera limathandizanso pa mavuto omwe antivayirasi ilibe nawo gawo: kuba, mphenzi, kuthimathima kwa magetsi komwe kumaononga makina, ndi madzi osefukira. Ngati ndalama zilipo zokwanira chinthu chimodzi chokha, hadi diraivi ndi bandulo ya mwezi ndi mwezi ziyenera kukhala patsogolo pa antivayirasi yolipira. Mu Windows Security mulinso gawo lotchedwa Controlled folder access, lomwe limaletsa mapulogalamu osadziwika kusintha mafayilo a m'mafoda ofunika. Limabwera lozimitsa ndipo mwini kompyuta amayenera kuliyatsa yekha.

Pali chinyengo china chomwe sichifuna vayirasi n'komwe. Imelo yonamizira kuti yachokera ku banki, uthenga wolonjeza ntchito kapena ngongole, foni ya munthu wodzitcha wa Airtel Money kapena TNM Mpamba wopempha nambala yachinsinsi: zonsezi zimalunjika pa munthu, osati pa makina. Antivayirasi ikhoza kutseka masamba ena achinyengo omwe adadziwika kale, koma singaletse munthu kupereka yekha chinsinsi chake. Chimodzimodzinso ndi mawu achinsinsi omwe ofesi yonse imagawana, kapena olembedwa pa kapepala komatidwa pa sikirini. Nkhani ya Cashgate ya mu 2013 idaonetsa kuti anthu omwe adali ndi mwayi wolowa m'makina a boma a IFMIS ndi omwe ankalipira ndalama zachinyengo n'kufufuta umboni wake. Wogwira ntchito aliyense akhale ndi dzina lake ndi mawu ake achinsinsi, ndipo akachoka pa ntchito atsekeredwe tsiku lomwelo. Pa imelo, pa Facebook ndi pa WhatsApp ndi bwino kuyatsa chitsimikizo chachiwiri, chomwe chimafuna nambala yapadera kuwonjezera pa mawu achinsinsi.

Pa mafoni a Android nkhani ndi yaifupi. Ambiri amabwera ndi Google Play Protect, ndipo ngozi yaikulu imachokera ku mapulogalamu otengedwa kunja kwa Play Store, monga GB WhatsApp ndi ena ogawana pa Bluetooth kapena pa memore khadi.

Kuti munthu adziwe momwe kompyuta yake ilili sipafunika mmisiri. Pa Windows 10 kapena 11 alembe mawu akuti Windows Security pa malo ofufuzira, n'kutsegula gawo la Virus & threat protection. Pamenepo aona dzina la antivayirasi yomwe ikugwira ntchito, ngati chitetezo cha nthawi zonse chili choyaka, ndi tsiku lomwe zizindikiro zidasinthidwa komaliza. Tsikulo likapitirira sabata imodzi, kompyutayo ilumikizidwe pa intaneti. Ngati mabatani ake sakutheka kudina kapena gawo lonselo likukana kutseguka, mwina wina adalithyola dala, ndipo njira yodalirika ndi kukopera mafayilo padera n'kuikanso Windows yovomerezeka. Fayilo imodzi yokayikitsa ikhoza kufufuzidwa pa tsamba la VirusTotal, lomwe limaiyesa ndi maantivayirasi ambirimbiri nthawi imodzi, koma mafayilo otumizidwa kumeneko amaonedwa ndi akatswiri ena, choncho ndandanda wa mayina a anthu kapena wa malipiro asatumizidweko.

Kompyuta ya ofesi ikaonetsa uthenga wofuna dipo kapena ikayamba kuchita zachilendo, ichotsedwe msanga pa intaneti ndi pa waya wolumikiza makompyuta ena, mafulashi onse omwe adalowamo aikidwe padera, ndipo woyang'anira makompyuta adziwitsidwe wina aliyense asadayese kuikonza. Kulowa m'kompyuta ya wina popanda chilolezo komanso kufalitsa mavayirasi mwadala ndi milandu pansi pa lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la mu 2016, lomwe lidakhazikitsanso nthambi ya Malawi CERT ku MACRA yolandira malipoti a nkhani zotere. Wobedwa ndalama kudzera pa foni kapena pa kompyuta adziwitse banki yake kapena kampani ya foni nthawi yomweyo, kenako akanene ku polisi atatenga mauthenga onse ndi nambala zomwe zidagwiritsidwa ntchito, osafufutapo kalikonse.